Nipo ikakana girisi, musaidumphe

Ndimayendetsa lole ya matani 15, ndipo ntchito yanga yambiri ndi ya mbatata, kabichi ndi tomato. Timapakira ku Tsangano, ku Lizulu, ku Mlangeni ndi ku Bembeke, n'kukatsitsa ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Amene amationa tikudutsa pa M1 amayesa kuti timakhalira pa tala, koma mbatata simera m'mbali mwa tala. Timailondola kumunda, m'timisewu tomwe mwezi wa Febuluwale timakhala matope okhaokha, pofika Okutobala n'kusanduka fumbi loti tayala limamira.

Madalaivala tikakhala pansi podikira katundu, nkhani zathu zimakhala za injini, giya, mabuleki ndi mtengo wa dizilo. Za ekiselo yakutsogolo, yomwe imakhotetsa matayala, sizikambidwa kawirikawiri. Injini ikadwala imafuka utsi, aliyense amaona. Kingipini, chitsulo chomwe tayala lakutsogolo limazungulirapo pokhota, imatha mwakachetechete, ndipo manja a dalaivala amanka nazolowera kulemera kwa chiwongolero mpaka tsiku lomwe galimoto idzakane kumvera pamalo oipa.

Lole imene ndili nayo pano abwana anaigula kwa munthu wina itayenda kale. Inabwera ndi kabuku kosonyeza kuti inkapita kugalaja nthawi yake, ndipo tsamba lililonse linali ndi mzere wonena kuti girisi wathiridwa. Nditangoigwira ndinamva kuti chiwongolero n'cholemera, ndipo ndinawauza abwana. Anasinthitsa oyilo wa pawa sitiyaring'i, anakungitsa lamba, zinthu zinapepuka pang'ono. Wina anati pampu yatopa, tiyambe kusunga ndalama ya ina.

Chimene chinandiopsa chinachitika pa Khwekhwelere, msewu wotsika kuchokera pa Masasa kupita ku Golomoti. Ndinanyamula kabichi wopita kunyanja. Amene anatsikako akuwadziwa makona ake, ukamamaliza iyi inzake yakudikira kale. Galimoto yabwino ukamaliza kukhota chiwongolero chimabwerera chokha, iwe umangochilondolera ndi zala. Changa chinkakhala pomwe ndachisiya. Ndikakhotera kumanja ndinkachita kuchikoka ndi mphamvu kuti chibwerere, ndipo chikati chibwere chinkachita modumpha, kwinaku pansi chakumanzere kukumveka kuti gu! Ndinafika pa Golomoti mapewa akuwawa, malaya atanyowa, chonsecho unali mwezi wa Juni.

Pobwerako ndinalunjika pa boma la Ntcheu kwa amakaniko ena achikulire omwe akhala akugwira malole kuyambira ine ndisanayambe kuyendetsa.

"Wawa madala. Chiwongolero chikundizunza. Akuti mwina ndi pampu."

"Wanena za pampuyo anagona pansi pa galimotoyi? Taimika apa posalala, mphwanga, uzimitse."

Anatchinga matayala akumbuyo ndi zigogo, anaika jeke pansi pa ekiselo, matayala onse awiri atachoka pansi n'kulowetsa masitandi. Anayamba ndi lakumanja. Dzanja lina pamwamba pa tayala, lina pansi, n'kuligwedeza. Linkamveka pang'ono kuti kho kho. Anandiuza kuti ndikwere ndikaponde buleki, iwo n'kugwedezanso. Kugwedera kuja sikunasiye.

"Wamva? Kukanasiya utaponda buleki, bwenzi tikuti ndi beringi ya habu, pomangirira wilo paja, chifukwa buleki imagwira habu pamodzi ndi tayala. Poti kwapitirira, ndi mabushi a kingipini."

Lakumanzere silinkagwedera n'komwe, ndipo ine ndinati ndiye kuti lilibwino. Madala sanandiyankhe. Anamasula tayirodi, chitsulo cholumikiza matayala awiri akutsogolo, kuti tayala lililonse likhale palokha. Lakumanja analikankha ndi dzanja limodzi, linakhota bwinobwino uku ndi uku. Lakumanzere tinachita kuligwira anthu awiri, n'kumasuntha mokakamira, likulira. Kenako anatenga pampu ya girisi. Nipo yapamwamba, kamutu kakang'ono komwe amapoperapo girisi, inalandira. Ataika pa yapansi, chogwirira cha pampu chinangoti gwa, girisi n'kumatulukira m'mbali mwa kamwa ya pampuyo.

"Apa ndi pamene anyamata amadumpha," anatero. "Akaona kuti yalimba amapaka kagirisi pamwamba pa nipo kuti bwana akasuzumira aone chonyezimira, basi n'kupita pa ina."

Anamasula nipoyo ndi kasipanala, n'kupisa waya pabowo. Zinatuluka zinali zidutswa zakuda bii, zouma ngati sopo wokhalitsa pawindo, zosakanikirana ndi dothi lofiira. Pamenepo girisi anali asanalowepo mwina kwa zaka, pamene kabuku kaja kankati zonse zili m'malo.

Kuti zimveke bwino, kumapeto kwa ekiselo mbali iliyonse kuli chitsulo chomwe chimanyamula habu, mabuleki ndi tayala. Chili ndi makutu awiri, lina pamwamba pa ekiselo, lina pansi. Kingipini ndi chitsulo chokhuthala chomwe chimalowa kuchokera pa khutu lapamwamba, kudutsa m'bowo la ekiselo, mpaka pa khutu lapansi. Pini imakhala yomangidwa pa ekiselo, siyenda, chomwe chimazungulira ndi chitsulo cha makutu chija. M'makutu onse awiri muli mabushi, timapaipi tomwe timazungulira pa piniyo. Pakati pa ekiselo ndi khutu lapansi pali beringi yophwatalala, yomwe amakaniko amati thrust bearing, ndipo ndi iyo imasenza kulemera konse kwa mbali imeneyo. Lole ikapakira, kaberingi kokwana m'chikhatho kamakhala kakusenza matani 3 kapena kuposerapo, kwinaku kakuyenera kuzungulira nthawi iliyonse mwakhudza chiwongolero. Kali pansi penipeni, pomwe madzi ndi matope a tayala zimamenya. Kakauma, pampu ya pawa sitiyaring'i imabisa vutolo kwa miyezi chifukwa ili ndi mphamvu zokakamiza, ndiye anthu amathamangira kunamizira pampuyo ikayamba kulira.

Kuchotsa pini yakumanzere inali nkhondo. Timabawuti tomwe timaitsekera pa ekiselo tinachoka, koma iyo inali itamera mizu. Hamala yaikulu inalephera. Mnyamata wina wa pagalajapo anati, "Madala, tiyatse gasi tiwotche ekiseloyi, ichoka pompano." Madala anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ukwera ndiwe galimotoyi ikamatsika Khwekhwelere?"

Ekiselo yakutsogolo, mikono yake yokhotetsera ndi tayirodi ndi zitsulo zomwe kufakitale anazilimbitsa ndi moto woyezedwa. Mukaziwotcha mpaka kufiira, kapena kuziwotcherera, zimataya kulimba kuja, ndipo sizisonyeza kunja. Zimadzathyoka tsiku lina pa dzenje wamba. N'chimodzimodzinso ekiselo yopindika pa ngozi, siyowongola ndi gasi. Ife tinagwetsa ekiselo yonse n'kupita nayo pomwe pali makina okankhira a hayidiroliki. Pini inatuluka ili ndi maenjemaenje a dzimbiri, ndipo beringi ija inagwa m'zidutswa, timaroli take titaphwanyika, mkati muli ufa wofiira psuu.

Madala asanaitanitse zatsopano anayamba ayeza bowo la ekiselo. Anati pini ikakhala kuti yakhala ikugwedera m'bowomo mpaka kulikuza, kiti yatsopano ya pini, mabushi ndi beringi siithandiza kanthu, pakapita miyezi yochepa mwabwereranso. Lathu linali lisanawonongeke. Tinasintha mbali zonse ziwiri. Pa ndalama ya kiti, ya amakaniko, ya tayala lakutsogolo lomwe linali litadyeka mbali imodzi ndi ya maulendo omwe tinaphonya mbatata ili pachimake, abwana akanagula girisi wa zaka zambiri.

Kuchokera nthawi imeneyo kutsogolo ndimathira ndekha, ndipo chomwe ndimayang'ana si kuchuluka kwa girisi amene ndapopa koma amene watuluka. Pa nipo yapamwamba ya kingipini ndimapopa mpaka girisi atatulukira pakati pa khutu lapamwamba ndi ekiselo. Pa yapansi, mpaka atatulukira pa beringi ija. Choyamba kutuluka chimakhala madzi, ngati ili nyengo ya mvula, kenako girisi wakuda, kenako wa mtundu womwe uli m'pampu mwanga. Ndisanaone wachitatuyu sindisiya. Girisi watsopano ntchito yake si kufewetsa kokha, amakankhiranso kunja mchenga ndi madzi zomwe zalowa. Mukapopa kawiri n'kuchoka, mwangosakaniza girisi wabwino ndi mchenga, ndipo chosakanizacho chimapala bushi.

Ndisanaike pampu ndimapukuta nipo iliyonse ndi kansalu. Ndikapanda kutero, dothi lomwe lili pamutu pake ndilo limayamba kulowa.

Pali mkangano woti kodi galimoto ikwezedwe kapena ikhale pansi pothira makingipini. Amakaniko amatsutsana, ngakhalenso mabuku a opanga ekiselo sanena zofanana, ena amati matayala akhale pansi, ena amati kwezani kaye. Aliyense ali ndi chifukwa chomveka. Mukakweza, mabushi amapumula, girisi amazungulira pini yonse, makamaka mukamakhotetsa tayala uku ndi uku popopapo. Koma mukakweza pamatsegukanso kampata pa beringi yapansi, ndipo girisi amathawira pomwepo osalowa mkati mwake. Galimoto ikakhala pansi kampatako kamatsekeka, ndiye amakakamizika kudutsa m'beringimo. Ngati muli ndi buku la ekiselo yanu, tsatirani limenelo. Ine ndimachita zonse ziwiri: ndimakweza, kupopa ndikukhotetsa, kenako kutsitsa n'kupopanso yapansi. Jeke payokha sindiikhulupirira, pamakhala sitandi kapena chigogo cholimba ndisanalowetse mutu.

Girisi ndimagula wa lithium wolembedwa EP2, kapena NLGI 2. EP ikutanthauza kuti amapirira popanikizika kwambiri, ndipo 2 ndi kukhuthala kwake. Sindisinthasintha mtundu, chifukwa girisi wina akakumana ndi wa mtundu wina amasungunuka n'kumachucha, kapena kuuma. Uja wogulitsa mopima kuchokera m'chidebe chosavundikira, pamalo poti malole akudutsa ndi fumbi tsiku lonse, ndimamusiyira a ngolo. Chidebe changa chimakhala chotseka, ndipo kamtengo kopakulira kamakhala m'pepala lapulasitiki. Kuno kumtunda, makamaka ku Dedza ndi ku Tsangano mu Juni ndi Julayi, m'mawa girisi amalimba moti mukhoza kuyesa nipo yatseka pomwe ili bwino. Ndi bwino kuthira mutangofika paulendo zitsulo zikadali zofunda, kapena kuyamba mwaika pampu padzuwa.

Mitu ya tayirodi ndi ya drag link, chitsulo chochokera ku bokosi la sitiyaring'i kupita ku tayala, imafuna dzanja lofatsa. Mutu uliwonse uli ndi kalabala kotchinga fumbi. Ndimapopa pang'onopang'ono ndi pampu yamanja, matayala ali pansi atalunjika kutsogolo, mpaka girisi wakale atayamba kutuluka m'mphepete mwa kalabalako. Mapampu a mpweya a m'magalaja amaphulitsa timalabalati, ndipo kakang'ambika mutuwo masiku ake ndi owerengeka ngakhale muzithira tsiku ndi tsiku. Malole ambiri atsopano a ku Ulaya, monga Scania, Volvo ndi Mercedes, amabwera ndi mitu yopanda nipo, yotsekeratu kufakitale. Imeneyo musaiboole kuti muikepo nipo. Ntchito yanu ndi kuyang'ana labala ndi kugwedera basi.

Kuyeza kwake n'kosavuta koma kumafuna anthu awiri. Wothandizira wanga amakwera n'kumagwedeza chiwongolero pang'onopang'ono uku ndi uku, matayala ali pansi, ine ndili pansi dzanja lili pa mutu wa tayirodi. Ngati pali mpata umamveka m'dzanja usanaoneke ndi maso, kamagogoda. Mutu wotero ndi wosintha, girisi sabwezeretsa chitsulo chomwe chadyeka. Musayeze popanikiza ndi chitsulo chachitali, chifukwa mukhoza kuwononga mutu wabwinobwino. Ndimayang'ananso nati ya pamutupo ngati ili ndi pini yake yotsekera. Ndaonapo malole ambiri pa Lizulu ali ndi msomali wopinda kapena kawaya m'malo mwa piniyo. Tayirodi ikazuka galimoto ili pa liwiro, tayala limodzi limalowera kwake, ndipo palibe luso la dalaivala limene lingabweze.

Muli m'kabini momwemo mungathe kudziwa ngati china chamasuka. Injini ikulira, galimoto itaima, gwedezani chiwongolero muone mtunda womwe chikuyenda matayala asanayambe kusuntha. Pa chiwongolero chachikulu cha lole, cha masentimita 50, mpatawo usapitirire masentimita 5. Ukapitirira, tsatani kuyambira pa kajointi ka ndodo ya chiwongolero, komwenso nthawi zambiri kamakhala ndi nipo yobisika yomwe anthu saidziwa, mpaka ku bokosi, drag link ndi tayirodi.

Amene ali ndi dial gauge, kawotchi koyezera timipata tating'ono, angathe kuyeza makingipini molondola m'malo mongodalira dzanja. Opanga ekiselo za malole a ku America, monga Meritor ndi Dana Spicer zomwe zimapezeka pa Freightliner ndi International, amaika malire a kugwedera kwa mabushi pakati pa 0.25 ndi 0.4 mm. Ndi kampata kochepa zedi. Ndiye ngati mukuchita kuona ndi maso tayala likuvina pa pini, malirewo munawadutsa kalekale.

Mahabu ali mitundu itatu, ndipo muyenera kudziwa wanu. Ena amayendera oyilo wa giya, ngati 80W-90, ndipo pa chivundikiro pali kagalasi kokhala ndi mzere. M'mawa uliwonse ndikamazungulira galimoto ndimasuzumirapo. Oyilo akaoneka wotuwa, mwalowa madzi, musinthe. Mukaona kunyowa mkati mwa wilo, seal, kalabala kotchinga oyilo kuti asatuluke, yatha, ndipo oyilo ameneyo akupita pa mabuleki. Buleki yonyowa mbali imodzi imakokera galimoto mbali inayo mukaponda, zomwe pa chitsikiro si nkhani yoseketsa. Ena amayendera girisi, ndipo amafuna kumasula, kutsuka beringi ndi palafini, kuumitsa, n'kukanikizira girisi watsopano pakati pa timaroli ndi chikhatho. Kudzaza habu yonse thothotho si chikondi, imatentha n'kukankha seal. Achitatu ndi otsekeratu, a malole atsopano, omwe satsegulidwa, akatha amasinthidwa athunthu.

Pa mahabu omanga ndi nati, mpata wa beringi umafunika ukhale pakati pa 0.025 ndi 0.127 mm. Kumanga kwambiri kumaotcha beringi, kulekerera kumadya seal ndi tayala. Ndikaima panjira ndimayandikiza dzanja pa habu iyi ndi inayo. Zonse zikafunda mofanana, makamaka nditatsika phiri, ndi mabuleki. Imodzi ikatentha kuposa inzake, sindipitirira ndisanadziwe chifukwa.

Poti muli kale pansipo, manipo a mabuleki, a pa S-cam, ndodo yokankha nsapato za buleki, ndi pa slack adjuster, kamkono koizungulitsa, nawonso athireni, koma apa ndi pokhapo pomwe ndimaumira. Wa pa S-cam akachuluka amakathera m'dilamu.

Masipuling'i nawo ali ndi mapini kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo akauma galimoto imalira pa hampu iliyonse. Koma choopsa kwambiri ndi mabawuti a U omwe amamanga sipuling'i pa ekiselo. Misewu yathu imawamasula. Chizindikiro chake ndi timizere ta dzimbiri lofiira totsika kuchokera pomwe zitsulo zakhudzana, kusonyeza kuti zikukhuzana. Akamasuka, bawuti yapakati pa sipuling'i imaduka, ekiselo n'kusunthira kumbuyo mbali imodzi. Mukadzaona chiwongolero chapendekeka mwadzidzidzi mutamenya dzenje, pomwe galimoto ikuyenda molunjika, imani mukaone pamenepo.

Matayala akutsogolo amanena zambiri kwa munthu wowasisita. Yendetsani chikhatho chopingasa pamwamba pa tayala, kupita mkati ndi kubwerera. Likamasalala popita koma n'kumakola pobwera, alayimenti, kulunjika kwa matayala, yathawa. Matayala akutsogolo amayenera kuyang'anana pang'ono kwambiri chakutsogolo, pa malole ambiri pafupifupi 1.5 mm basi. Mukasintha tayirodi kumudzi, tepi ingakuthandizeni kuti mukafike, koma mukafika ku Lilongwe kapena ku Blantyre pitani pa makina. Ndipo musataye ndalama ya alayimenti makingipini kapena tayirodi zikugwedera, chifukwa potuluka pageti pomwepo zonse zabwerera mwakale. Tayala lodyeka mwa zigambazigamba kuzungulira nthawi zambiri limaloza mashokapu akufa, kusowa balansi kapena beringi yomasuka.

Manati a wilo ndimakangana nawo kwambiri anyamata okonza matayala m'mbali mwa msewu. Amaika paipi yaitali pa sipanala, munthu n'kukwerapo n'kumadumpha, akuti kuti zilimbe. Kumeneko n'kukoka sitadi, bawuti ya wilo ija, mpaka kutopa, ndipo imadzaduka yokha. Mawilo a mabowo 10 a masitadi a M22 ambiri amamangidwa pakati pa 600 ndi 680 Nm, muyeso wa mphamvu yomangira, ndipo chida chake ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvuyo. Wilo ikamangidwa kumene imafuna kubwerezanso mutayenda makilomita 80 mpaka 160. Mukamangitsa ku Lilongwe, pa Dedza imani mupitemonso.

Funso lomwe achinyamata amandifunsa ndi loti azithira pakapita nthawi yotani. Mabuku amatchula makilomita masauzande ambirimbiri, koma amenewo ndi a lole yoyenda pa tala wabwino chaka chonse. Mabuku omwewo amafupikitsa nthawi kwa matipa ndi malole a m'migodi, ndipo ife olowa m'minda tili m'gulu limenelo ngakhale tilibe dzina lake. Ine m'chilimwe ndimathira kutsogolo pakatha sabata ziwiri zilizonse. Mvula ikayamba, sabata iliyonse. Ndikawoloka madzi ofika pa habu, kapena kutitimira m'matope, ndimathira tsiku lomwelo. Chimodzimodzi ndikatsukitsa. Anzanga ena amakonda kulowetsa lole mumtsinje kuti itsukidwe bwino, ena amapita pa makina opopa madzi mwamphamvu n'kumauza mnyamata kuti alunjikitse pa makingipini kuti girisi wakuda uja achoke. Madzi amenewo amalowa kudutsa seal ndipo satulukanso okha. Thirani mukatha kutsuka, osati musanatsuke.

Mayendetsedwe nawonso amadya kutsogolo. Pobwerera m'mbuyo pamalo opanikiza, monga tsiku la msika pa Lizulu, dalaivala amapotokola chiwongolero mpaka kumapeto lole yodzaza itaima chilili. Mphamvu yonse ya pampu imathera pa tayirodi, pa drag link ndi pa kaberingi kaja. Ilekeni galimoto iziyenda pang'ono pokha pamene mukukhota, ndipo chiwongolero chikafika kumapeto chibwezeni pang'ono, musachikanikize mpaka pampu kulira. Kwinaku yang'anirani opakira. Matumba a mbatata osokerera aja ndi olemera, ndipo anyamata amakonda kuwaunjika kutsogolo pafupi ndi kabini chifukwa pali potsamira. Kulemera kwa lole yonse kukhoza kukhala kololedwa koma ekiselo yakutsogolo itapyola muyeso wake. Pa sikelo ya ku Balaka amayeza ekiselo iliyonse payokha, ndipo makingipini anu amakhala atayeza kale musanafike kumeneko.

Masiku ano lole ikapita kugalaja pa sevisi yaikulu, ikafika nthawi ya girisi ndimayala katoni n'kugona pambali pa mnyamata wothirayo. Ena amakwiya, amati, "Akulu, simukutikhulupirira?" Ndimawauza kuti ndikufuna ndiphunzireko. Ndimawerenga manipo a kutsogolo ndisanapite, ndipo ndimadziwa pomwe girisi wa iliyonse ayenera kutulukira. Abwana nawo anasiya kufunsa ngati girisi wathiridwa, amafunsa ngati pali nipo yomwe yakana.

M'bokosi langa mumakhala timanipo tapadera m'kabotolo, towongoka ndi topindika, chifukwa pali malo ena omwe pampu siifika pa yowongoka. Pogula tengani yakale mukafanizire. Malole a ku Ulaya ndi ku China ambiri ali ndi mazinga a mamilimita, pamene a ku America ali ndi a mainchi, ndipo pongoyang'ana amaoneka ofanana. Mukakakamiza yolakwika mwapha mazinga a pa chivundikiro cha kingipini. Nipo ikakana, imasuleni, muipope ili m'manja kuti muone ngati yatseka ndi iyoyo. Ngati ndi iyo, ikani ina. Ngati ikutulutsa bwinobwino, ndiye kuti chatseka ndi njira ya mkati: tokosani ndi waya, thiranimo oyilo wopepuka pang'ono, kwezani galimoto, muzikhotetsa tayala uku mukupopa. Zikakanikabe pamenepo, chotsani chivundikiro mukolope girisi woumayo, ndipo ngati pini yayamba kale dzimbiri, itanitsani kiti lole isanapakirenso.